Tchuthi chapamwamba ku Iceland: njira zisanu ndi mmene mungasankhire

Ku Iceland mukhoza kulipira madola oposa 1,000 pa usiku umodzi, n'kugona m'chipinda chimene zenera lake lapenya thanthwe lakuda la chiphalaphala chouma, m'mawa n'kudzukira uthenga wakuti msewu umene mumati mudutse autseka chifukwa cha mphepo. A hotela sakubwezerani kanthu, mphepoyo si yawo. Ngati munabwera ndi masiku anayi okha, limodzi lathera pazenera ndi kapu ya khofi m'manja.

Otsatsa maulendo a kumeneko amaonetsa madziwe ofuka nthunzi ndi thambo lobiriwira ngati kuti zonse zimabwera mukangolipira. Ine ndimaona mosiyana. Pa chilumba chimenechi ndalama zochuluka zimagula zinthu ziwiri zenizeni: munthu wodziwa kuwerenga mitambo ndi misewu, ndiponso mpata wosintha pulogalamu zikavuta. Bedi lofewa ndi lachitatu. Njira zisanu zili m'munsizi ndaziyeza ndi muyeso umenewo.

Sankhani mwezi musanasankhe hotela

Iceland ya mu June ndi Iceland ya mu December ndi maiko awiri. Ku Reykjavík, likulu la dzikolo, kumapeto kwa June dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 21, ndipo ngakhale litalowa sikuda. Cha pa 21 December limaoneka maola 4 okha: kutuluka 11 koloko itadutsa, kulowa 4 koloko isanakwane.

Chilichonse chimene anthu amapitira kumeneko chili ndi miyezi yake. Kuwala kwa aurora, kuja kumavina m'mwamba usiku, kumafuna mdima, choncho nthawi yake ndi kuyambira September mpaka pakati pa April. Mapanga a ku Vatnajökull, dera lalikulu la madzi oundana osasungunuka, amalowedwa bwino kuyambira November mpaka March. Misewu ya kumapiri a pakati pa dziko imatsegulidwa cha kumapeto kwa June n'kutsekedwanso cha mu September. Mbalame za puffin zimabwera kudzaswa kuyambira May, pakati pa August n'kubwerera kunyanja. Wokulonjezani zonsezi pa ulendo umodzi akukupusitsani.

Kuzizira kwake si koopsa monga dzina limamvekera, chifukwa madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amafika m'mphepete mwa chilumbacho. Ku Reykjavík January amazungulira pa madigiri 0, July pa madigiri 11. Amene anagonapo ku Dedza kapena pa Nyika mu June akudziwa kale mmene "nyengo yotentha" ya ku Iceland imamvekera pakhungu. Chogwetsa ulesi ndi mphepo, ndi mvula imene imabwera chammbali. Ambulera isiyeni kunyumba, mugule jekete yosalowa madzi.

Zimene aliyense adzakumana nazo

Kwa anthu a ku Mangochi dzina la Iceland si lachilendo. Dzikoli lakhala likuthandiza ntchito zachitukuko ku Malawi kuyambira 1989, ndipo lili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Koma ubale umenewo suchotsa viza. Iceland ili m'gulu la maiko a Schengen, ndipo wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa ayenera kupempha viza asananyamuke. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafunika inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Abale okhala ku Britain amene muli ndi chilolezo chokhala kumeneko koma pasipoti ikadali ya kwathu, chilolezocho sichikulowetsani ku Iceland.

Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre musintha ndege kosachepera kawiri: ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, kenako mumzinda wina wa ku Ulaya, musanatere pa bwalo la Keflavík. Kudzera ku London kukhoza kufuna viza ina yodutsira ya Britain, n'chifukwa chake ambiri zimawaphwekera kudzera ku Amsterdam, Paris kapena Frankfurt. Pa matikiti otsika mtengo khalani maso. Kampani ya WOW air inagwa mu March 2019, ya Play inasiya kuuluka mu September 2025, ndipo maulendo onse awiriwo anthu anasowa chowabweza kwawo.

Ndalama ya kumeneko ndi króna, koma mukhoza kutha sabata osaigwira m'manja. Khadi la banki limalandiridwa paliponse, ndipo pothira mafuta pambiri palibe munthu, pali makina ofuna khadi ndi nambala yake yachinsinsi. Ngati khadi lanu ndi la banki ya ku Malawi, mukudziwa kale nkhani ya kusowa kwa ndalama zakunja ndi malire amene mabanki amaika. Kambiranani ndi banki nthawi ikadalipo. Ichi chokha chikhoza kukukankhirani ku njira zimene mumalipiriratu zonse musananyamuke.

Muyeso

Njira iliyonse ndaiona pa zinthu zinayi. Mtengo, kuphatikizapo zimene sizilembedwa pa chikwangwani. Kupezeka kwake, ndiye kuti miyezi yake ndi nthawi yosungitsira malo. Ntchito yotsalira inu, chifukwa tchuthi china chimatopetsa kuposa ku ofesi. Ndiponso zoopsa, za pa moyo ndi za m'thumba. Mitengo ndaitchula m'madola a ku America mongoyerekeza, chifukwa imakwera ndi kutsika ndi mwezi.

1. Kukhazikika ku Reykjavík kapena ku Blue Lagoon, n'kumayenda maulendo a tsiku limodzi

*Mtengo.* Mahotela apamwamba a mumzinda, monga The Reykjavik EDITION imene inatsegulidwa mu 2021 pafupi ndi holo ya Harpa, kapena Hotel Borg ya mu 1930, amadya madola mazana angapo pa usiku, ndipo mu July mtengo umalumpha. The Retreat, hotela ya pa dziwe lotchuka la madzi ofunda la Blue Lagoon, yotsegulidwa mu 2018, imapitirira madola 1,000. Chakudya nacho chimaluma. Malo odyera a Dill anali oyamba m'dzikomo kulandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wopatsidwa kwa malo odyera apamwamba, mu 2017, Moss wa ku The Retreat analandira yake mu 2023, ndipo mitengo yawo ndi ya nyenyezi ndithu. Okonda chakumwa dziwani kuti mowa wa m'mabotolo umagulitsidwa m'masitolo a boma otchedwa Vínbúðin, pa msonkho wokwera. Eni dziko amagula pa bwalo la ndege akangotera, inunso chitani zomwezo. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ogula m'botolo n'kutaya ndalama.

*Kupezeka kwake.* Chaka chonse. Bwalo la Keflavík lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda, ndipo Blue Lagoon ili pakati pa njira. Malo odyera otchuka ndi zipinda za The Retreat zimafuna kusungitsiratu.

*Ntchito yotsalira inu.* Yochepa: chikwama mumamasula kamodzi. Koma maola mumawalipira pa mpando wa galimoto. Ulendo wa Golden Circle umatheka bwino pa tsiku limodzi. Mumaona Þingvellir, kumene msonkhano wa malamulo wa Alþingi unayambira mu 930 ndiponso kumene nthaka yang'ambika pakati pa zigawo ziwiri za dziko lapansi, kasupe wa Strokkur amene amalavula madzi owira m'mwamba mphindi zingapo zilizonse, ndi mathithi a Gullfoss. Koma dziwe la Jökulsárlón, kuja zibuma za madzi oundana zimayandama, lili makilomita pafupifupi 380 kuchokera ku Reykjavík. Kupita ndi kubwera tsiku lomwelo ndi maola ngati 14. Umenewo ndi ulendo wa basi, ngakhale mipando itakhala yachikopa.

*Zoopsa.* Dera la Reykjanes, kumene kuli Blue Lagoon, linadzuka mu March 2021 pamene phiri la Fagradalsfjall linaphulika patapita zaka pafupifupi 800 kuli zii. Mu November 2023 anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa, ndipo kuchokera pamenepo Blue Lagoon yatsekedwa kangapo, nthawi zina alendo kuwatulutsa mwadzidzidzi. Mu November 2024 chiphalaphala chinakwirira malo ake oimika magalimoto. Kuphulika kwa m'derali sikunaimitse ndege monga kunachitira kwa phiri la Eyjafjallajökull mu 2010, koma kukhoza kukulandani usiku umene munaulipira kwambiri. Werengani malamulo obwezera ndalama, ndipo musaike usiku umenewu kukhala msana wa ulendo wonse.

Pali zina ziwiri zimene zithunzi sizinena. Madzi a Blue Lagoon si a kasupe wachilengedwe ngati wa ku Mawira ku Nkhotakota, amachokera ku fakitale ya magetsi ya Svartsengi imene ili pafupi pomwepo. Ndi ofunda bwino, koma mchere wake umaumitsa tsitsi gwa. Amayi amene mwangolukitsa kumene, mangani tsitsi m'mwamba lisakhudze madzi. Chachiwiri, pa dziwe lililonse m'dzikomo lamulo ndi kusamba ndi sopo, osavala kanthu, musanalowe. Malo odula ali ndi tizipinda tobisika. Madziwe a anthu wamba, monga Laugardalslaug, kumene eni mzinda amakachezera madzulo pa mtengo wochepa zedi, ambiri amasambira poyera, amuna kwaokha akazi kwaokha.

2. Kubwereka galimoto n'kuzungulira Ring Road, kugona m'mahotela abwino a m'njira

*Mtengo.* Mwa zisanuzi iyi ndi yotsikirapo. Galimoto yamphamvu yokoka matayala onse anayi imadya madola oposa 100 pa tsiku m'miyezi ya dzuwa, yaikulu n'kupitirira 200. Pamenepo onjezani inshuwalansi zimene kwathu sitizidziwa: ya miyala yothethekera pagalasi, ndi ya mchenga ndi phulusa, chifukwa kum'mwera mphepo imanyamula mchenga wakuda umene umapala penti ngati sandipepa. Malo ambiri okaona ali ndi ndalama yoimikira galimoto.

*Kupezeka kwake.* Ring Road, msewu wa nambala 1 wozungulira chilumbachi, ndi wotalika makilomita pafupifupi 1,300, ndipo unalumikizika wonse mu 1974. Masiku 7 ndi othamanga, 10 ndiye opuma. Nthawi yake ndi May mpaka September. Vuto lili pogona. Mukangochoka kum'mwera chakumadzulo mahotela apamwamba ndi owerengeka: Hotel Rangá pafupi ndi Hella, Hótel Búðir ku Snæfellsnes, Sigló Hótel ku Siglufjörður ndi ena ochepa. Kum'mawa masiku ena mudzagona pamalo aukhondo koma wamba, ngakhale thumba likhale lolemera bwanji. Za July sungitsani pakadali miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa.

*Ntchito yotsalira inu.* Yonse. M'mawa uliwonse muziona zanyengo pa vedur.is, za misewu pa umferdin.is, ndi machenjezo pa safetravel.is. Kumanga ndi kumasula chikwama tsiku ndi tsiku. Kuyendetsa kudzanja lamanja, pamene manja anu anazolowera kumanzere. Liwiro ndi makilomita 90 pa ola pa tala, 80 pa msewu wamiyala, nyali zoyaka usana ndi usiku, ndipo chindapusa chake si chamasewera.

*Zoopsa.* Apa ndichedwepo, chifukwa njira iyi ndi imene imanyenga anthu odzidalira pa chiwongolero. Milatho yambiri ndi ya galimoto imodzi, woyamba kufika ndiye amadutsa. Nkhosa zimayenda momasuka m'miyezi ya dzuwa, ndipo mukaona kamwana mbali ino, mayi ake mbali inayo, pondani buleki, kathamangira kwa mayi ake. Amene amayendetsa pa M1 pakati pa mbuzi akudziwa. Mphepo imatha kukutsomphola chitseko m'manja n'kuchipinda, ndipo inshuwalansi zambiri sizilipira zimenezo. Sizilipiranso injini imene yamwa madzi powoloka mtsinje m'misewu ya kumapiri, ija nambala yake imayamba ndi F. Kuyendetsa kunja kwa msewu n'koletsedwa kotheratu, chifukwa ndere za pamiyala zikapondedwa zimatenga zaka zambiri kuti zimerenso.

Palinso Reynisfjara, gombe la mchenga wakuda pafupi ndi Vík. Nyanja imaoneka yodekha, kenako funde limodzi limakwera kutali kuposa anzake onse n'kukokera munthu m'madzi ozizira. Alendo angapo afera pamenepo. Pali magetsi ochenjeza, koma palibe wokugwirani mkono. Nambala ya pangozi ndi 112, ndipo ambiri mwa opulumutsa anthu m'dzikomo ndi ongodzipereka, amasiya ntchito zawo kukafuna mlendo amene sanamvere chikwangwani.

Ngati simunayendetsepo pa msewu woundana, njira iyi mu December kapena January ndi yosayesa. Matayala amisomali amathandiza galimoto, osati dalaivala.

3. Galimoto yanuyanu ndi dalaivala amene alinso wolondolera alendo

*Mtengo.* Wokwera. Galimoto zija amazitcha super jeep, za matayala ofika m'chiuno, pamodzi ndi dalaivala wake zimapitirira madola 1,000 pa tsiku, ndipo pa ulendo wogonera mumalipiranso chipinda ndi chakudya chake. Koma mtengowo ndi wa galimoto, si wa munthu mmodzi. Awiri umawapweteka. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi likagawana, kusiyana ndi maulendo a m'magulu kumachepa kwambiri.

*Kupezeka kwake.* Chaka chonse, ndipo phindu lake limaonekera kwambiri m'chisanu. Olondolera odziwa ntchito amatha msanga pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano ndi mu July.

*Ntchito yotsalira inu.* Kuvala bwino ndi kufika pa nthawi. Ntchito yaikulu ndi ya musananyamuke: kufunsa mafunso. Pa tsiku ndi maola angati? Nyengo ikaipa, kusintha njira kuli mumtengo kapena n'kowonjezera? Wolondolerayo ali ndi maphunziro oyendera pa madzi oundana, kapena adzakuperekani kwa kampani ina?

*Zoopsa.* Za pamsewu zimachepa kwambiri, ndipo apa ndi pamene ndimati ndalama ikugwira ntchito. Munthu woteroyo akaona mitambo yatseka kum'mwera amakutembenuzirani ku Snæfellsnes. Amadziwa powolokera mtsinje wa Krossá popita ku Þórsmörk, amaphwetsa matayala kuti galimoto iyandame pa chipale, amakufikitsani ku mathithi a Skógafoss mabasi asanafike. Usiku amayang'ana mapu a mitambo n'kukupititsani kumene thambo lang'ambika. Aurora sangailamule, koma mwayi wanu amaukulitsa.

Komabe kulipira kwambiri sikuumitsa madzi oundana. Mu August 2024 khoma la phanga ku Breiðamerkurjökull linagumukira alendo amene anali ndi wowalondolera, mmodzi n'kumwalira. Unali mwezi wofunda. Wokuuzani kuti phanga lachilengedwe la ku Vatnajökull ndi lolimba mwezi uliwonse, mufunsitseni. Za helikopita nazo: n'zokoma, koma ndi zoyamba kulephereka mphepo ikadzuka, choncho ziikeni kumayambiriro kwa ulendo kuti pakhale tsiku lina loyeseranso. Ndipo kumbukirani kuti mukhala ndi munthu mmodzi m'galimoto masiku asanu kapena kuposa. Mukapanda kugwirizana, ulendo umatalika.

4. Kukagona pamalo amodzi akutali, zonse zili momwemo

*Mtengo.* Pamwamba pa zonse. Chitsanzo chodziwika ndi Deplar Farm, m'chigwa cha Fljót kumpoto, famu yakale ya nkhosa imene anaisandutsa malo ogona a zipinda 13. Usiku umodzi ndi madola masauzande, chakudya ndi zochita zina zili momwemo, koma helikopita yokutulani pamwamba pa phiri kuti mutsetsereke ndi yolipira padera. Otsikirapo alipo. Torfhús Retreat, pafupi ndi Golden Circle, ili ndi tinyumba tofolera ndi udzu womera monga ankamangira makolo awo. Highland Base ku Kerlingarfjöll, yotsegulidwa mu 2023, ili pakati penipeni pa mapiri.

*Kupezeka kwake.* Zipinda ndi zochepa, ndipo nthawi zina gulu limodzi limatenga nyumba yonse. Kupita ku Deplar ndi ndege ya mphindi pafupifupi 45 kuchokera ku Reykjavík kukafika ku Akureyri, kenako galimoto. Ndege imeneyo imanyamukira pa bwalo laling'ono la mumzinda, osati ku Keflavík, ndiye siyani maola okwanira pakati. Ku Kerlingarfjöll m'chisanu kumafikika ndi super jeep basi.

*Ntchito yotsalira inu.* Palibe. Amakuyezani nsapato, amakupatsani zovala, amakonza tsiku lanu malinga ndi nyengo ya m'mawa umenewo.

*Zoopsa.* Mudzaona chigwa chimodzi bwino kwambiri, koma Iceland ya pa zithunzi simudzaiona. Wobwera koyamba, amene kunyumba akamufunsa za Gullfoss ndi Jökulsárlón, akhoza kubwerera ndi kakhumudwa. Misewu ya kumpoto imatsekedwa ndi chipale, nthawi zina chochita kugumuka m'mapiri, ndipo mukatsekeredwa tsiku lonyamuka, ndege zonse zitatu zobwerera kwanu zasokonekera. Gonani ku Reykjavík usiku womaliza. Odwala mtima kapena shuga aganizirenso mtunda wokafika ku chipatala chachikulu cha ku Akureyri. Chinanso: malo oterewa anapangidwira anthu okonda kutuluka panja, kukwera akavalo, kuwedza, kutsetsereka pa chipale. Ngati cholinga chanu ndi kukhala pamoto ndi buku, mukulipira zinthu zimene simudzagwiritsa ntchito.

5. Kuzungulira chilumba pa sitima yapamadzi

*Mtengo.* Sitima zing'onozing'ono zapamwamba, za makampani monga Ponant, Silversea, Seabourn ndi HX, zimadya madola masauzande angapo pa munthu pa ulendo wa sabata imodzi kapena masiku khumi ndi angapo, ndipo zipinda zazikulu zimapitirira 10,000. Ubwino wake ndi wakuti chakudya, chimene pamtunda chimadya thumba, chili momwemo. Woyenda yekha nthawi zambiri amalipira zowonjezera pa chipinda.

*Kupezeka kwake.* Makamaka June mpaka August, ndipo zipinda zabwino zimatha pakadali pafupifupi chaka.

*Ntchito yotsalira inu.* Kubwerera pa doko nthawi isanakwane.

*Zoopsa.* Nyanja ya kumpoto kwa Atlantic si yofatsa. Amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera aganize zoposa pamenepo, ndipo atenge mankhwala a mseru. Kapitawo akhoza kudumpha doko chifukwa cha mafunde, ndipo zimenezo zinalembedwa kale m'mapepala amene munasaina. Pa doko lililonse muli ndi maola ochepa, pakati pa dziko simufikako, ndipo aurora mu June ndi July kulibe. Chimene sitima imachita bwino ndi kukufikitsani kumene msewu umavuta: ku Westfjords, ku Heimaey kumene phiri la Eldfell linaphulika mu 1973 n'kukwirira mbali ina ya tauni, ndi ku kachilumba ka Grímsey pa mzere wa Arctic. Sankhani sitima yaing'ono. Tauni ngati Ísafjörður ili ndi anthu osakwana 3,000, ndipo chisitima chachikulu chikakocheza alendo amachuluka kuposa eni mudzi. Chenjezo la viza: ngati ulendo ukudutsa ku Greenland kapena ku zilumba za Faroe, malo amenewo sali mu Schengen, ndipo viza yanu iyenera kuwatchula mwapadera.

Ndani atenge iti

Muli ku Britain, muli ndi masiku atatu kapena anayi, mwina mukukondwerera zaka zaukwati: njira yoyamba. Kuchokera ku London ndi maola atatu okha pa ndege. Gonani mumzinda, tengani galimoto yanuyanu tsiku limodzi la Golden Circle kapena gombe la kum'mwera mpaka ku Vík, ndipo usiku wa ku Blue Lagoon ukhale woti ukalephereka simulira.

Mukuchokera ku Lilongwe, Lusaka, Tete kapena Johannesburg, ndipo mwina uwu ndi ulendo wa kamodzi pa moyo: musapite masiku osakwana asanu ndi atatu. Mukatha tsiku ndi theka m'ndege ndi m'mabwalo, masiku anayi n'kudzilanga. Ngati ndi m'miyezi ya dzuwa ndipo pakati panu pali madalaivala awiri odekha, njira yachiwiri ikupatsani dziko lonse, mpaka anangumi a ku Húsavík ndi nyanja ya Mývatn, imene tizilombo take touluka tidzakukumbutsani nkhungu za kwathu. Ndalama zimene mwapulumutsa muziike pa tsiku limodzi la super jeep ku Landmannalaugar kapena ku Þórsmörk.

Mtima wanu uli pa aurora ndi mapanga: njira yachitatu, mu February kapena March, pamene usana watalikako koma usiku ukadali wakuda. Mausiku asachepere asanu, ndipo ambiri akhale kunja kwa mzinda. Hotel Rangá imadzutsa alendo usiku kuwala kukaoneka, mukapempha. Pewani masiku a mwezi wathunthu ngati mungathe.

Mukuyenda ndi makolo okalamba kapena wina wovutika miyendo: sitima, kapena galimoto yanuyanu ndi mahotela awiri okha. Kusintha pogona tsiku lililonse kumatopetsa agogo kuposa kuzizira.

Muli ndi ana aang'ono: funsani malire a zaka musanalipire chilichonse, chifukwa kuyenda pa madzi oundana, kusambira mu mng'alu wodzaza madzi wa Silfra ku Þingvellir ndi madziwe ena apamwamba salola ana. Njira yachitatu mu July kapena August imakulolani kuima pamene mwana watopa. Tengani nsalu zophimba m'maso, apo ayi ana sagona, poti mu July kumakhala kukadali kowala 11 koloko usiku.

Munapitako kale, mathithi munajambula, tsopano mukufuna bata kapena kutsetsereka pa chipale: njira yachinayi, cha mu April ngati n'kutsetsereka, mu July ngati n'kuwedza.

Khadi lanu lili ndi malire a ndalama zakunja: yachitatu, yachinayi kapena yachisanu, chifukwa zambiri mumalipiriratu pa invoisi imodzi kudzera ku banki. Koma kufikira viza itadindidwa m'pasipoti, sungitsani zokhazo zimene amabweza ndalama mukasintha.